Mkonono wa bwana si tulo tokoma

Mu komboni usiku ulibe cinsinsi. Zipinda zisanu pa pulotu imodzi, cipupa copyapyala, malata opanda siling'i: aneba amadziwa nthawi imene mwabwela, ndiwo zimene mwakazinga, na mmene mumalizila mkonono. Kukaca, pa pompi pamakhala nthabwala. "Ba landilodi usiku analiza jeneleta, koma malaiti analipo." Onse amaseka, mwini mkonono nayenso amaseka, cifukwa kwa ife woliza mkonono ni munthu amene wakhuta, wasewenza mwamphamvu, ndipo wagona tulo tokoma.

Ine nikuti tiyambe taleka kuseka, tichele khutu. Pali mkonono wina umene suyenda mofanana. Umakwela, umakwela, kenaka zii. Cifuwa ca munthu cikuyesa kukoka mpweya koma mpweyawo sukuloŵa. Pakapita masekondi 10, 20, nthawi zina kuposa 30, munthu amadzidzimuka monga watsamwa, n'kuyambilanso kuliza. Pa kanthawi kaja ka zii munthuyo sanali kupumula. Analeka kupuma. Madokotala amachula vutoli kuti sleep apnea, ndipo umoyo wathu wa mu tauni, kuyambila m'mbale mpaka pa mpando wa minibasi, ndiwo ukulikulitsa.

Cimene cimacitika n'cosavuta kumva. Tikagona, minofu ya pa mmelo imamasuka, lilime limagwela kumbuyo. Ngati njila ya mpweya inali yopanikizika kale, imatsekeka. Mpweya wabwino m'magazi umatsika, ubongo umaona ngozi n'kumudzutsa munthuyo pang'ono cabe kuti mmelo utseguke. Mtima umathamanga, BP imakwela. Mwiniwake sakumbukila ciliconse, iye amaona monga anagona usiku wonse. Madokotala amaŵelenga kuti kupuma kwaima kapena kwacepa kwambili kangati pa ola limodzi. Kuyambila ka 5 mpaka 14 amati vuto ni laling'ono, ka 15 mpaka 29 ni lapakati, ka 30 kupita m'tsogolo ni lalikulu. Ŵelengani mwekha: munthu wa ka 30 pa ola akagona maola 7, wadzutsidwa ka 210 usiku umodzi.

N'cifukwa cake munthu wotele amauka na mutu woŵaŵa, kukamwa kouma, thupi lolema monga anagona pa malilo. Usiku amapita kukataya madzi kangapo. Masana amasinza mu miting'i, mu chalichi, pa sofa nkhani za pa TV zisanathe. Amaiŵala-iŵala, amakwiya msanga, ndipo ena mphamvu za m'cipinda zimacepa, nkhani imene amuna amakathela nayo ndalama kwa ogulitsa mizu m'malo moikamba ku kiliniki. Zaka zikamapita, vutoli limayenda pamodzi na BP yosamva mankhwala, kugunda kwa mtima kosalongosoka, sitroko na matenda a shuga. Mu 2019 magazini ya zaumoyo ya Lancet Respiratory Medicine inayelekezela kuti anthu pafupi-fupi 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 pa dziko lonse ali na vutoli. Amenewo si azungu okha-okha. Ena ali kuseli kwa cipupa canu.

Pa zinthu zonse zimene zimabweletsa sleep apnea, cacikulu cimene munthu angasinthe ni kulemela kwa thupi. Mafuta sakhala pa mimba pokha. Amaunjikana m'khosi n'kupanikiza mmelo. Amaloŵa ngakhale m'lilime mweni-mweni: ofufuza a pa yunivesite ya Pennsylvania anajambula anthu na makina a MRI, ndipo mu 2020 anaonetsa kuti munthu akacepetsa thupi, mafuta a m'lilime amacepa, kupuma kwa usiku n'kuwongokela. Mimba nayo, munthu akagona, imakankhila mapapo m'mwamba. Cimimba cimene timacilemekeza masana ndico cimamukhalila mwiniwake pa cifuwa usiku.

Ku Wisconsin, ku America, ofufuza anatsatila anthu 690 kwa zaka, n'kufalitsa zimene anapeza mu 2000. Anapeza kuti thupi likawonjezeka na 10 pelesenti, kuima kwa kupuma kumawonjezeka na 32 pelesenti. Likacepa na 10 pelesenti, kumatsika na 26 pelesenti. Tiike pa sikelo yathu. Mwamuna wa makilo 90 akafika pa 99, usiku wake waipilatu. Akatsika kufika pa 81, wacotsa mbali imodzi mwa zinayi za vutolo popanda jekiseni olo opaleshoni. Makilo 9 si nkhani ya wiki imodzi, koma si nkhani ya kumwamba.

Manje tiyeni tione tsiku la munthu wa nchito mu Lusaka. Wanyamuka m'ma 05:30 kuthaŵa jamu. Pa kantemba wamwa tiyi wa masupuni anayi a shuga na vitumbuwa vitatu. Wakhala mu minibasi ola lathunthu pa Great East Road olo pa Kafue Road, wakhalanso pa mpando wa mu ofesi mpaka 13:00. Masana ni chipisi na soseji, softi pambali. Akaŵeluka, jamu yagwilanso, ndiye na anzake "tiyembekezeko msewu utseguke": michopo, mcele wambili, mabotolo aŵili amene amasanduka anayi. Wafika pa nyumba m'ma 21:00, nsima ya bulekifasiti ikumuyembekezela, mitanda itatu. Pasanathe mphindi 30 wagwa pa bedi cagada. Tsiku lonse miyendo yake sinayende olo kilomita imodzi. Munthu ameneyu sanalakwe mwadala. Wacita zimene tauni yamuikila pafupi. Koma pa tsiku lakelo, pafupi-fupi ciliconse cathandiza kutseka mmelo wake.

Coipa kwambili n'cakuti vutoli limadzidyetsa lokha. Munthu wosagona bwino amamva njala kwambili, ndipo thupi limalakalaka zotsekemela na zamafuta kuti lipeze mphamvu zamwamsanga. Wotopa sangaganize zoyenda pansi. Thupi likukwela, kupuma kwa usiku kukuipila-ipila, kutopa kukukula, thupi likukwelanso. Tikamuona akusinza timati ni ulesi. Ulesi wa ciani, munthu sanagone zaka zisanu?

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017, umene unduna wa zaumoyo unacita pamodzi na WHO, unapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse mu Zambia ni wolemela kupitilila muyeso, ndipo pafupi-fupi mmodzi mwa asanu ali na BP yokwela. Koma ziŵelengelo zimenezi zimalimbana na cinthu camphamvu kuposa izo: maso a anthu. Kwathu kunenepa ni satifiketi. Mnyamata akangoyamba nchito n'kutulutsa kamimba, timati "ndalama zayamba kuoneka, bwana." Mwamuna akanenepa pambuyo pa cikwati, abululu amayamikila mkazi kuti akumusunga bwino. Akakhala woonda, apongozi amafunsa ngati pa nyumba pamaphikidwa.

Pali cinanso cimene sitikamba poyela. Zaka zija AIDS inali kutenga anthu tsiku na tsiku, ma ARV asanafale, kuonda kunali cizindikilo ca imfa. Mantha amenewo sanacoke m'mitima. Lelo munthu akataya makilo 8 mwa kufuna kwake, samva "mwacita bwino." Amamva "Muli bwino-bwino imwe? Mwaonda maningi," ndipo akapotoloka, manong'onong'o ayamba. Nidziŵa anthu amene analeka kucepetsa thupi cifukwa ca mau amenewa. Ngati tifuna abale athu apume bwino usiku, pakamwa pathu pafunika kusintha coyamba. Munthu amene wacepetsa mimba safunika kupeleka lipoti la ku cipatala kwa aneba.

Funso n'lakuti: kodi kusintha kadyedwe na kakhalidwe kumathandizadi, olo ni ulaliki cabe wa manesi? Umboni ulipo. Mu kafukufuku wochedwa Sleep AHEAD, wofalitsidwa mu 2009, anthu 264 onenepa amene anali na shuga komanso sleep apnea anawagaŵa m'magulu aŵili. Gulu limene linathandizidwa kusintha zakudya na kucita maseŵela olimbitsa thupi linataya makilo pafupi-fupi 11 pa caka, ndipo amene vutoli linawathela anaculuka kuŵilikiza katatu poyelekezela na gulu linalo. Ku Granada, ku Spain, anatenga amuna 89 amene anali kale pa makina othandiza kupuma usiku. Ena mwa iwo, kwa mawiki 8, anasintha zakudya, anayamba kuyenda mwamphamvu, anakonza nthawi yogona, ndipo anathandizidwa kuleka moŵa na fodya. Zotsatila zinatuluka mu 2022: pakutha mawiki 8, 45 pelesenti ya gululo sanafunikenso makinawo, ndipo pambuyo pa miyezi 6 anali opitilila 60 pelesenti. Onani kuti sanasinthe cinthu cimodzi. Anagwila mbale, botolo, ndudu na miyendo pa nthawi imodzi.

Pa mbale yathu, sinikuuzani kuti lekani nsima. Amene amakamba zimenezo safuna kumvedwa. Nkhani ili pa kukula kwa mtanda na nthawi. Mitanda itatu ikhale iŵili, kenaka umodzi na hafu. Malo amene yasiya adzazidwe na cibwabwa, kalembula, bondwe, lepu, impwa, delele, nyemba, kapenta. Lola na mgaiwa zimene ena amazinyoza kuti n'za osauka zili na gaga amene amasunga munthu wokhuta nthawi yaitali kuposa bulekifasiti. Saladi ayesedwe na supuni, osati kuthila mpaka ndiwo zisambile. Cakudya camadzulo cidyedwe maola aŵili olo atatu musanagone, cifukwa mimba yodzala imabweza asidi ku mmelo. Ndipo samalani zakumwa. Botolo limodzi la 500 ml la softi yotsekemela lingakhale na shuga wofika masupuni aang'ono 12, umene ndiwo muyeso wa tsiku lonse umene WHO imati munthu wamkulu asapitilile. Maheu a m'sitolo na majuwisi a m'mabokosi nawonso ni shuga wovala suti. Mcele nawo WHO imati usapitilile magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi. Mcele wambili umasunga madzi m'thupi, ndipo madzi amene atsikila m'miyendo masana, munthu akagona amakwela kupita kukhosi.

Tifike pa botolo, pamene anzanga ambili adzatseka nyuzipepa. Amati moŵa umawathandiza kugona. Zoona, umagwetsa munthu msanga. Koma umalefula minofu ya pa mmelo kuposa mmene tulo tokha timacitila, ndiponso umagonetsa alamu ija ya mu ubongo imene imadzutsa munthu mpweya ukacepa. Ndiye kupuma kumaima kaŵili-kaŵili, ndipo kukaima kumatenga nthawi yaitali. Funsani mkazi aliyense amene mwamuna wake amamwa: mkonono wa pa Cisanu usiku sufanana na wa pa Ciŵili. Pa zosintha zonse, iyi ndiyo imaonetsa zipatso usiku womwewo. Ngati kuleka kwakukanikani, cepetsani, ndipo pakati pa botolo lothela na pilo pakhale maola atatu olo anayi.

Fodya amatupitsa mkati mwa mphuno na mmelo, njila n'kucepelatu, ndipo shisha imene yadzala m'mabala a acinyamata si madzi a zipatso monga ena amaganizila, ni fodya ndithu. Mapilisi ogonetsa ogula popanda dokotala angacite zimene moŵa umacita. Kagonedwe nako kali na mbali yake: kwa anthu ambili vutoli limakula akagona cagada, limacepa akagona cam'mbali. Ena amasokela kathumba kumsana kwa sikipa n'kuikamo kampila ka tenesi kuti akatembenuka kaziwabweza. Za kuyenda, WHO imalangiza mphindi zosacepela 150 pa wiki, kutanthauza mphindi 30 masiku asanu. Ofufuza apeza kuti maseŵela olimbitsa thupi amacepetsako vutoli olo sikelo isanasunthe. Simufunika jimu ya ku mayadi. Kuseluka basi masiteshoni aŵili musanafike, olo kuyenda kucoka ku Kulima Tower kupita ku Ridgeway m'malo moitana takisi pa foni, zayamba kale kuŵelengeka.

Apa nifunika kukamba mosabisa: si onse odwala sleep apnea amene ni onenepa. Ena ni oonda bwino-bwino koma cibwano n'cacing'ono, lilime n'lalikulu, olo mphuno ni yotsekeka. Ukalamba umawonjezela, ndipo azimai akaleka kusamba ngozi yawo imakwela. Mwana amene amaliza mkonono usiku uliwonse, kugona kukamwa kuli yasa, nthawi zambili vuto ni matonsi otupa, ndipo afunika dokotala, osati kumucepetsela nsima. Ngakhale mu kafukufuku wa Sleep AHEAD uja, ambili vutoli linacepa koma silinathe. Munthu amene kupuma kwake kumaima ka 40 pa ola asayembekezele cibwabwa cokha.

Thandizo lodalilika la vuto lalikulu ni makina a CPAP, amene dokotala Colin Sullivan wa ku Sydney anawalengeza mu 1981. Amapopela mpweya kupyolela mu kacophimba ka pa mphuno kuti mmelo usatsekeke. Amaseŵenza bwino, ndipo amene adokotala anamulembela asawaleke payekha cifukwa wataya makilo angapo. Koma tikambe za kuno. Makinawa amacokela kunja, mtengo wake ni wa madola, ndipo amafuna malaiti usiku wonse. Tonse tikumbukila 2024, madzi atacepa ku Kariba, pamene malaiti anali kubwela maola oŵelengeka cabe pa tsiku. Mu December 2024 bungwe la FDA ku America linavomeleza jekiseni wa tirzepatide kwa odwala sleep apnea onenepa, koma mtengo wake si wa munthu wa ku Chawama olo ku Mtendere. N'cifukwa cake nikuti kwa ife, mbale, botolo na miyendo si zokometsela cabe. Kwa ambili ndiwo mankhwala amene ali pafupi.

Wina adzati, "Imwe a nyuzipepa mumakamba monga munthu amasankha. Wosauka amadya cimene capezeka." Pali coonadi pamenepo. Masamba pa Soweto Market si odula kuposa soseji, koma amafuna nthawi, malasha na munthu wophika, pamene citumbuwa cili kale m'manja pa siteshoni. Kuyenda pansi n'kwabwino, koma misewu yambili ilibe njila ya oyenda pansi, mainza ni matope na madzi, usiku ni mdima, ndipo mzimai woyenda yekha amaika moyo pa ngozi. Mabwalo ambili amene tinali kuchayilapo bola tili ana lelo ni mapulotu. Conco khonsolo ikamakonza msewu n'kuiŵala oyenda pansi, idziŵe kuti yapanga cosankha ca zaumoyo. Makampani amene amapatsa anchito mphindi zocepa za cakudya pa malo pamene pali chipisi cokha, nawonso ali mu nkhaniyi.

Ndipo nkhaniyi siithela m'cipinda cogona. Tsiku lina nikufunsa madalaiva za mitengo ya mafuta, dalaiva wina wa minibasi, bambo wa khosi lalikulu, ananiuza moseka kuti, "Ba nyuzi, ine pa maloboti nimagonako pang'ono, kondakita ndiye amaniutsa." Anzake anaseka. Kumbuyo kwa bambo ameneyu kumakhala anthu oposa 10 pa ulendo uliwonse. Kafukufuku wa m'maiko osiyana-siyana waonetsa kuti dalaiva wa sleep apnea yosacilitsidwa ali pa ngozi yoŵilikiza kaŵili olo kuposa yocita ngozi ya pa msewu. Ganizilani a mathilaki a ku Nakonde, Chirundu na Kasumbalesa, amene umoyo wawo ni kukhala pansi, kudya pa msewu, kugona mu kabini. Mu 2016 boma linatulutsa lamulo la SI 76 loletsa mabasi na mathilaki kuyenda kuyambila 21:00 mpaka 05:00. Koma dalaiva amene kupuma kwake kumaima usiku wonse amasinza olo dzuŵa lili pa mutu. Popeza ofuna laisensi ya PSV amapimidwa kale na dokotala, RTSA na unduna wa zaumoyo angawonjezele mafunso a tulo pa fomu imeneyo. Colinga cikhale kuthandiza dalaiva, osati kumulanda nchito, apo ayi aliyense adzabisa.

Mafunsowo alipo kale. Madokotala a ku Toronto anapanga mndandanda wochedwa STOP-Bang mu 2008, wa mafunso 8 cabe. Kodi mumaliza mkonono waukulu? Mumatopa olo kusinza masana? Pali amene anakuonani mukuleka kupuma m'tulo? Muli na BP? Thupi n'lolemela kwambili poyelekezela na msinkhu? Mwapitilila zaka 50? Khosi lanu lipitilila masentimita 40? Ndimwe mwamuna? Woyankha inde katatu olo kuposa afunika kupimidwa bwino. Zimenezi zifuna tepu ya telala na mphindi ziŵili. Pa mzele wa BP na shuga m'makiliniki athu, pamene anthu amabwela mwezi na mwezi kudzawonjezeledwa mapilisi, funso lakuti "mumagona bwanji?" liyenela kukhala lozoloŵeleka monga kukwela pa sikelo.

Koma woyamba kudziŵa matendawa si dokotala. Ni amene amagona pambali. Amai, atate, olo imwe amene mumagaŵana cipinda na m'bale wanu: lelo usiku musamugunde cigongono n'kutembenuka. Mvetselani. Mkonono ukaduka, ŵelengani masekondi. Jambulani na foni mphindi zingapo, m'maŵa mumumvetse mwaulemu, cifukwa palibe amene amakhulupilila kuti amaleka kupuma mpaka adzimvele yekha. Mukapita ku kiliniki, musakambe cabe kuti "amaliza mkonono." Kambani kuti "amaleka kupuma akagona, ndipo amasinza masana." Ndiyeno pobwelela, pitilani pa maliketi mugule masamba, ndipo mtanda umene mudzacepetsa ucepe m'mbale za nyumba yonse, osati ya wodwala yekha.